Mayi Jenala Shamilimo, Operekeza Ana a Eni

Malemu amene agona patsogolo pathupa, Mayi Jenala Shamilimo, anabadwa pa 3 Juni 1941 m'mudzi womwe uno, tsidya lino la mtsinje wa Kanakantapa. Makolo awo anali Bambo Sanford Kapuka ndi Mayi Mutinta, a mtundu wa Asoli, alimi a chimanga ndi mapira. Anali oyamba mwa ana asanu ndi mmodzi. Ine amene ndapatsidwa ntchito yowerenga mbiriyi ndine Rodgers Kapuka, mlongo wawo wotsiriza, ndipo mwa ana asanu ndi mmodzi aja lero ndatsala ndekha.

Abambo ansembe, akuluakulu a mpingo, eni mudzi, alendo ochokera ku yunivesite, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzatikhalira pano, mundikhululukire ngati mawu anga akumveka ouma. Zaka zino ndaima pamalo ngati ano kambirimbiri. Ndawerenga mbiri za ana amene ndinawanyamula ali makanda, ndipo misozi inandithera kalekale. Lero m'kati mwangamu mwangochita dzanzi. Ndingowerenga, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

M'chaka cha 1950 malemu anayamba sukulu ku mishoni ya Kasisi, ndipo kumeneko ndi kumene anabatizidwa. Atamaliza Sitandade Folo, bambo athu anati basi, mwana wamkazi wadziwa kulemba dzina lake, abwere adzathandize kulera ang'ono ake. Ine ndinali khanda, nkhaniyi ndinaimva kwa amayi. Akuti malemu sanalire ndipo sanayankhe mwano. Anangotuluka n'kukakhala pansi pakhomo la khola la ng'ombe, miyendo atatambasula. Ng'ombe zinatuluka mowalambalala, madzulo zinalowa mowalambalala. M'mawa mwake anakhalanso pomwepo. Bambo athu, amene sankagonjera munthu, anagonjera mwana wawo yemwe, ndipo malemu anamaliza Sitandade Sikisi mu 1957. Ndatchula zimenezi chifukwa khalidwe limeneli ndi limene anakalamba nalo. Alongo anga sankadziwa kukangana. Ankadziwa kukhala pansi, ndipo ambiri a ife pano tinagonjapo.

Kuyambira mu 1958 anagwira ntchito kwa masisitere pamishoni pomwepo, kusambitsa ana amasiye, kuwachapira ndi kuwasokera. Kumeneko anaonana ndi Bambo Benedict Shamilimo, kalipentala wa pamishoni, amene anatumidwa kudzakonza chitseko chimodzi cha nyumba yochapira, koma chitsekocho chinatenga miyezi osakonzeka. Anamanga ukwati woyera pa 8 Sepitembala 1962, ndipo monga mwa mwambo wathu, alamu anadzamanga kuno kwa akazi awo. Mulungu anawapatsa ana asanu. Rosemary anabadwa mu 1964, Chipego mu 1967, awiri anabwerera ali aang'ono, ndipo wotsiriza, mwana wamwamuna yekhayo amene anakula, Oswald, anabadwa mu 1972.

Mu 1974 malemu analembedwa ntchito ku yunivesite mu Lusaka. Poyamba ankasamalira nyumba yogona atsikana, kupereka makiyi ndi mabulangete. Mu 1977 anawasamutsira ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, ndipo kumeneko anakhalako mpaka kupuma. Pakati pa sabata ankagona m'kachipinda ka lendi ku Kalingalinga. Lachisanu madzulo tinkawaona akutsetsereka kuchokera kumsewu waukulu, chikwama kumutu, ambulera yakuda m'manja, kaya kuli mvula kaya kulibe.

Alendo athu a ku yunivesite asandimve molakwa, koma ndinene zimene malemu ankanena. Mzinda wonse uja wakhala pa nthaka ya Asoli, komabe masiku amenewo mukanalowa m'makalasi, ana a Asoli mukanawawerenga ndi zala. Ochepa amene ankafikako ankabisala. Ankayankhula Chinyanja cha m'tauni, ena Chibemba, kuopa kuti anzawo angawaseke kuti ndi ana a ogulitsa makala. Malemu ankawazindikira ndi dzina, nthawi zina ndi kayendedwe kokha. Ankamupeza mwana pamzere wa chakudya n'kumupatsa moni m'Chisoli mokweza mawu, kumufunsa za mvula ya kwawo ndi za amayi ake. Mwanayo ankafuna nthaka itang'ambika alowe. Koma sabata isanathe ankabwera yekha kudzagogoda pa ofesi, ndipo ankapeza botolo la chakumwa cha munkoyo pansi pa tebulo ndi mtedza m'kabati. Malemu ankamuuza khomo loti agogode akadwala, mmene angayankhulire ndi aphunzitsi osanjenjemera, ndi kumene angagule nsapato zovalidwapo kale za salaula zosachititsa manyazi. Posakhalitsa anayamba kubweranso ana a Alenje, a Agoba a ku Chiawa, ndi ena ochokera kumidzi yakutali. Onse ankawatchula kuti Amai Jena.

Mu 1979 munachitika chinthu chimene chinasintha ntchito yawo. Panali mnyamata wina, Stephen, wa ku Lwimba, woyamba m'mudzi mwawo kufika ku yunivesite. Tsiku limene ankanyamuka, mudzi wonse unamuperekeza mpaka pamsewu. Chaka chachiwiri analephera mayeso, ndipo malamulo anati achoke. Malemu anamuthandiza kumanga katundu, anamupatsa mtedza wa panjira, namukweza basi. Stephen anatsika pa Chongwe, koma kwawo sanafike. Sutikesi yake inapezeka m'mbali mwa mtsinje, yotseka bwinobwino, nsapato zili pamwamba pake. Zotsalazo akuluakulu mukuzidziwa. Pa maliro ake, bambo a mnyamatayo anauza malemu kuti mwanayo akanangofika, akanamukalipira tsiku limodzi basi, kenako n'kumupatsa khasu. Malemu anabwerako ndi mawu amenewo. Kuyambira pamenepo sanalolenso mwana wa mwini kubwerera kwawo yekha atasenza nkhani yoipa.

Ntchito imeneyi panalibe amene anawatuma, koma inali ndi dongosolo lake. Wophunzira akalephera, akatenga mimba, kapena akadwala moti sangapitirize, malemu ankakwera naye basi. Akatsika, ankayenda naye mpaka pamene denga la kwawo layamba kuoneka. Pamenepo ankamusiya pansi pa mtengo ndi katundu wake, n'kumuuza kuti asasunthe. Iwo ankalowa m'mudzi okha. Mpando ankaukana. Ankakhala pansi, pafumbi, patsogolo pa bambo kapena mayi wa mwanayo. Makolo akaona munthu wa ku yunivesite mitima inkathamangira ku maliro, choncho mawu awo oyamba anali amodzimodzi nthawi zonse. Ankawanena m'Chisoli, koma ndiwanena m'Chinyanja kuti tonse timve: "Mwana wanu ali moyo. Nabwela naye, ali pa njila." Akatero ankafotokoza zonse, osabisa, osakometsa. Pomaliza ankapempha chinthu chimodzi chokha, kapu ya madzi ya m'nyumbamo, ndipo kholo lenilenilo liinyamule ndi manja ake kukapatsa mwana pamtengo paja. Mlongo wake ayi, azakhali ayi, amalume ayi. Mwana akamwa ndiye kuti walandiridwa, ndipo tsiku limenelo panalibe womufunsa kanthu. "Manzi lelo, mafunso mailo," ankatero. Kukalipa konse kunkadikira tsiku lotsatira, mwana atagona kale m'nyumba ya kwawo.

Si makolo onse amene ankathamangira ku mtsuko. Mu 1983 anaperekeza mnyamata wina, Peterson, amene ali nafe pano ndipo wandilola kunena zimenezi. Bambo ake atamva nkhaniyo anati pakhomo pawo palibe madzi a munthu wolephera, natenga khasu kupita kumunda. Malemu anakhala. Dzuwa litakwera anatsegula ambulera. Bamboyo anabwerako kumunda, anawapeza. Anadya, anagonako pang'ono, anatuluka, anawapezabe, nkhuku zitawazolowera kale. Dzuwa litapendeka anatuluka ndi kapu, akung'ung'udza kuti mayi uyu afera pakhomo panga, ndipo ku boma ndikayankha chiyani. Madzi ambiri anatayikira panjira chifukwa cha mkwiyo, koma otsalawo anafika. Lero Peterson ndi mlimi wa tomato ku Kanakantapa, ndipo bambo ake anamwalirira m'manja mwake.

Mu 1986 anaperekeza mtsikana, Maureen, amene anatenga mimba ali chaka chachitatu. Mayi ake analira ngati kwagwa maliro, koma kapu anainyamula. Mwana atabadwa n'kusiya kuyamwa, malemu anabwereranso kumudziko, nthawi imeneyi kukamutenga Maureen, ndipo anayenda naye m'maofesi mpaka analoledwa kupitiriza. Lero ndi Mayi Maureen, mphunzitsi wa sekondale. Ndisaname kuti nthawi zonse zinkatha bwino. Kunali makomo amene madzi sanatuluke. Ana otero malemu ankabwera nawo kuno, ndipo ankagona m'nyumba iyi mpaka kwawo mitima itazizira, kapena mpaka atapeza kolowera. Ife abale tinkadandaula, chifukwa Loweruka lililonse munthu anali paulendo wa ana a eni. Alamu ankati iwo anakwatira basi ya ku Chipata, yongodutsa. Ankanena akuseka, ndipo nsapato za malemu zikang'ambika ndi iwo omwe ankazikhomerera timisomali.

Mu 1992 Oswald anasankhidwa kupita ku yunivesite yomweyo kukaphunzira uinjiniya. Pabwalo pano panaphedwa mbuzi. Alamu anamupangira sutikesi yamatabwa ndi manja awo, naipaka vanishi, ndipo kuyambira tsiku limenelo anthu a kuno anasiya kuwatchula dzina lawo, ankangoti atate a Injiniya. Iwo dzinalo ankalikonda. Munthu amene wakhala moyo wonse akupala matabwa a anthu ena ali ndi ufulu wonyadira mwana wake, ndipo palibe amene ankawaletsa.

Mu 1994 zotsatira za mayeso zitatuluka, Oswald analephera, ndipo malamulo aja anamugwira monga anagwirira ena. Woyamba kudziwa anali mayi ake, chifukwa mayina a ochoka ankadzera mu ofesi yawo. Apa ndi pamene alongo anga, amene ankadziwa njira ya kumakomo a anthu onse, anasowa njira ya kwawo. Dongosolo lawo linkafuna anthu awiri: wina wokhala pansi n'kupempha madzi, wina wopereka. Iwo anali kholo. Anaona kuti sangakhale pafumbi patsogolo pa amuna awo ngati mlendo wa ku yunivesite, pomwe nyumba ndi yawo, mtsuko ndi wawo, ndipo mlanduwo ndi wawo omwe. Anamuuza Oswald kuti adikire m'kachipinda ka ku Kalingalinga mpaka apezeke munthu woti awaperekeze onse awiri. Koma munthu wogwira ntchito imeneyo pa yunivesite yonse anali mmodzi, ndipo anali iwowo. Choncho anatumiza uthenga kwa ine, amalume a mwanayo, ku Luangwa kumene ndinkagwira ntchito.

Nkhani siinadikire. Munthu wina anaimva mu minibasi n'kudzaikhuthula pamsika wa Chongwe, alamu ali pakati pa anzawo, akugula misomali. Wina anaseka. Wina anafunsa ngati atate a Injiniya asintha dzina. Alamu anamva za mwana wawo ataimirira, pagulu, kuchokera pakamwa pa munthu wosawafunira zabwino, chinthu chimene akazi awo anateteza makolo ena onse kuti chisawachitikire. Ndipo anayankha pagulu pomwepo: "Uyo mwana asakaponde pa nyumba panga. Nilibe mwana mwamuna." Ambiri a inu munalipo, choncho sindikuulula chinsinsi. Mawuwo anakwera minibasi kubwerera ku Lusaka. Malemu poweruka kuntchito anapeza kiyi pansi pa mwala wa pakhomo, m'chipinda mulibe munthu. Sutikesi yamatabwa ija anaisiya. Ine ndinafika mwana atapita kale.

Malo oyamba amene malemu anakayang'ana ndi m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe. Anayenda m'mabango kutsika ndi kukwera, osauza munthu chimene akufuna, koma ife tinkadziwa. Sanapeze kanthu, ndipo sindikudziwa ngati zimenezo zinawapepukitsa kapena ayi. Pambuyo pake Loweruka lililonse limene analibe mwana woperekeza ankalowa m'makomboni: Mtendere, Chawama, Kanyama, Matero. Anapita ku polisi, ku zipatala, ndi ku nyumba yosungira mitembo, kumene ogwira ntchito anafika powazolowera n'kumawapukusira mutu asanafunse. Wina ankati wamuona ku Kafue akugulitsa nsomba, wina ku Kabwe. Onse anawatsatira. Ntchito sanasiye. Chaka chomwecho anaperekeza ana a eni monga kale, nakhala pafumbi la makomo a eni, nanena kuti mwana wanu ali moyo, iwo eni ake osadziwa ngati wawo ali moyo.

M'nyumba muno dzina la Oswald linasiya kutchulidwa. Alamu ndi malemu sanakangane, sanapatukane, ku Misa ankapita limodzi. Malemu anayesa kukhala pansi monga ankachitira, pakhomo la shedi yopalira matabwa, koma kwa nthawi yoyamba kukhala kwawo sikunaphule kanthu. Panalibe mwana pansi pa mtengo woti amupemphere madzi. Alamu ankapala matabwa, iwo ali chikhalire, mpaka nthawi yophika ikwane. Zaka zinayi zadutsa motero.

Mu 1996 anapuma pa ntchito atatumikira zaka makumi awiri ndi ziwiri, nabwerera kudzakhala kuno. Ophunzira anawagulira ambulera yatsopano, koma iwo anapitiriza kuyenda ndi yakale. Atangofika anatenga kapu yachitsulo yoyera, ya mkombero wabuluu, naiika pawindo loyang'ana kumkuyu uli pamphambano apo, pamene njira yathu imapatukira. Analetsa aliyense kumwera. Adzukulu ankadziwa kuti agogo amalekerera zambiri, koma kapu ya pawindo siigwiridwa. Sananene kuti ndi ya yani, ndipo panalibe wofunsa.

Alamu, mundikhululukire, pali chinthu chimene ndiyenera kuchinena anthu akumva, chifukwa mawu a pamsika aja nawonso anthu anawamva. Rosemary anandiuza kuti kapu ija siinkagwira fumbi. Poyamba ankayesa kuti ndi mayi ake amene amaitsuka. Koma mayi ake atadwala n'kuleka kudzuka, kapu inapitiriza kuyera. Tsiku lina m'mamawa anaona bambo ake ali kuseri kwa nyumba, akuitsuka ndi phulusa, akuipukuta ndi malaya awo, n'kuibwezera pawindo mosachita phokoso. Rosemary sanawafunse. Inenso sindinawafunsepo mpaka lero.

Matenda anayamba mu Novembala 1997. Miyendo inayamba kutupa, ndipo kuchipatala cha pa Chongwe anati magazi akuthamanga kwambiri. Ankamwa mankhwala, koma kuyenda sanasiye, ngakhale ana awo ankabisa ambulera kuti akhale pansi. Mu Meyi chaka chino anagwa ali kumunda wa mbatata. Mbali ya kumanja inafa ziwalo ndipo mawu anatsekeka. Tinapita nawo kuchipatala chachikulu ku Lusaka, kumene anagonekedwa mpaka mu Juni, ndipo madokotala atachita mbali yawo anatiuza kuti tikawasamalire kunyumba. Anasonyeza ndi dzanja lamanzere kuti bedi lawo tilikokere pawindo. Tinalikokera.

Kumayambiriro kwa mwezi uno, Peterson anapita ndi tomato ku msika wa Soweto mu Lusaka. Poitana munthu wa wilibala kuti amunyamulire mabokosi, amene anabwera anali Oswald, wowonda, ndevu zili phwii, koma wamoyo. Peterson anamugwira dzanja, namuuza kuti mayi ake akudwala, akwere galimoto apite. Oswald anayankha kuti: "Ba Peterson, amai apelekeza bonse. Manje ine azanipelekeza ndani?" Ndipo pamene Peterson anatembenuka kuti ayankhe wogula, anapeza wilibala yokha. Tsiku lomwelo Peterson anabwera kuno. Mpando anaukana. Anakhala pansi pambali pa bedi nati: "Amai, mwana wanu ali moyo." Malemu anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenuzira maso pawindo. Amene tinali m'chipindamo tinatuluka mmodzimmodzi. Alamu anali pakhomo, ndipo anamva.

Peterson anaitana Mayi Maureen, ndipo awiriwo anabwerera kumsika kuja kangapo, kufunsa anyamata a mawilibala, koma Oswald anali atasamukira kwina. Malemu sanathe kudikira. Anatisiya Lachiwiri lapitali, pa 11 Ogasiti 1998, m'mawa dzuwa litatuluka, ali ndi zaka 57. Rosemary ndi Chipego anali pambali pawo, alamu atawagwira dzanja. Anapita mwakachetechete, nkhope itayang'ana kumkuyu. Mwana wawo sanamuone. Zimenezi sindingazikometse, ndipo iwo sakanalola kuti ndizikometse.

Dzulo Peterson ndi Mayi Maureen anamupeza Oswald ku Kanyama. Uthenga wa maliro anali ataumva kale pa wailesi, ndipo anali atangokhala. Sanamukoke. Anamuuza kuti tsopano operekeza apezeka. Lero m'mawa anabwera naye. Anatsika naye pamsewu waukulu, anayenda naye mpaka pamene denga la nyumba iyi limayamba kuoneka, namusiya pansi pa mkuyu, Peterson atakhala naye. Amene muli kumbuyo mukatembenuka muwaona. Mayi Maureen analowa okha. Anadutsa pakati pa amayi a nyimbo, anakana mpando, nakhala pafumbi patsogolo pa alamu. Ananena mawu aja monga anawamvera pakhomo la mayi awo zaka zapitazo, osachotsa, osawonjezera, napempha madzi. Alamu sanadzuke. Mayi Maureen akadali pansi pomwepo, monga mukuwaonera, kuyambira m'mawa.

Mwa mwambo wathu mwana uyu ndi wa kwa amayi ake. Ine monga amalume ndikanatha kunyamuka ndekha kukamutenga, ndipo palibe akanandiletsa, chifukwa mudzi uno ndi wathu. Alongo ake awiri andipempha zimenezo akulira. Ndakana. Malemu sankalola kuti amalume anyamule kapu. Ankati mwana akalowa chifukwa cha amalume, amagona usiku umodzi n'kuchokanso. Sindingaswe dongosolo lawo iwo ali gone patsogolo panga. Bokosi likadali lotsegula. Ndikamaliza kuwerenga, tidzaona nkhope komaliza, ndipo lidzatsekedwa.

Tsopano ndafika pa otsala. Malemu asiya amuna awo, Bambo Benedict Shamilimo, amene akhala nawo m'banja zaka pafupifupi makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Asiya mlongo mmodzi, ine. Asiya adzukulu asanu ndi awiri. Asiya ana: woyamba Rosemary, wachiwiri Chipego. Alamu, ndafika pa dzina lachitatu. Mu 1994 munanena pagulu kuti mulibe mwana wamwamuna, ndipo ine sindingawerenge pagulu dzina limene inu munalichotsa. Ndiima pano.

Alamu adzuka. Amayi amene mwakhala pakhomo, patukani pang'ono, apatseni njira alowe. Asiyeni, asagwiridwe, ayenda okha. Chipego, usawalandire kapu ya pawindo ija. Mtsuko uli kuseri kwa chitseko, akuudziwa. Abambo a kumbuyoko, tsegulani njira ya kumkuyu.

Pamene akupita, ndithokoze amene atithandiza. Tikuthokoza Abambo ansembe ndi amayi a mpingo amene ankabwera kudzapemphera ndi malemu ndi kuwatembenuza pabedi. Tikuthokoza anamwino a pa Chongwe ndi a ku Lusaka. Tikuthokoza akuluakulu a ku yunivesite chifukwa cha bokosi ndi galimoto, ndi anzawo a mu ofesi amene abwera. Tikuthokoza amene akumba manda m'nthaka youma ya mwezi uno, amayi amene akhala pamoto kuyambira Lachiwiri, ndi anansi amene abweretsa ufa ndi nkhuni. Tikuthokoza inu nonse amene munakhalapo pansi pa mtengo tsiku lina, mukuyang'ana denga la kwanu, ndipo lero mwabwera kuchokera ku Lwimba, ku Rufunsa, ku Chiawa ndi ku Lusaka. Sindinadziwe kuti mulipo ochuluka chonchi. Peterson ndi Mayi Maureen, inu sindikudziwa kuti ndikuthokozeni bwanji. Mayi Maureen, dzukani tsopano, mwakhalitsa.

Madzi ena atayikira panjira, koma alamu afika pamkuyu. Mwana wamwa.

Malemu asiya ana atatu: Rosemary, Chipego, ndi Oswald Shamilimo. Akamadutsa pakati panu, pasapezeke womufunsa kumene anali, kapena chifukwa chimene wachedwera. Lero aone nkhope ya mayi ake, anyamule nawo bokosi, agone m'nyumba ya kwawo. Mafunso mailo.

Ndinati lero sindikumva kanthu. Mundikhululukire, mapepala akundivuta kuona, koma atha kale. Alongo anga, Jenala, kapu yachoka pawindo, ndipo mwana ali panjira ndi bambo ake. Palibenso woti mumudikire. Ambuye akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.